Tinatsala ndi Makina Atatu

Ku bungwe la alimi anandilemba ntchito chifukwa cha pulinta. Ndinali nditangomaliza kosi ya makompyuta, ndipo tsiku limene ndinapita kukapempha malo ndinapeza anthu atatu ataizungulira pulintayo, wina akukoka pepala lokakamira, wina akuimenya m'mbali. Ndinapempha kuti andipatse mpata, ndinatsegula kumbuyo n'kuchotsa kachidutswa kamene kanatsekereza. A shefi, bambo wachikulire wa Chiyao amene wakhala akuyendetsa bungweli kuyambira pamene linabadwa, anandiyang'ana pamwamba pa magalasi awo n'kunena kuti, "Mubwere Lolemba." Kuyambira pamenepo chilichonse chokhala ndi nthambo mu ofesi yathu ya ku Lulimile, dera la mumzinda wa Lichinga kuno ku Niassa, chinakhala changa, ngakhale ketulo ya magetsi.

Alimi athu ndi a chimanga, nyemba ndi mbatatesi, ambiri a mbali ya ku Chimbonila. Alangizi amene amawayendera, omwe kuno timawatcha matekiniko, amayenda ndi mafoni. Akafika pamudzi amalemba dzina la mlimi, ndipo foni imawauza kumene kuli munda wake, mbewu imene analandira, ndi matenda amene anagwira mbatatesi yake chaka chatha. Zimamveka zophweka, koma kwa ife maina ndi nkhani yovuta. Mabanja ambiri anathawira ku Malawi nthawi ya nkhondo, ineyo ndinabadwira komweko mumsasa, ndipo tinabwerera ndi maina olembedwa Chimalawi. Kuno anatilemba Chipwitikizi. Pamene ife tinkalemba "ny" iwo analemba "nh", pamene panali "w" anaikapo "u", "k" n'kusanduka "c". Munthu mmodzi amapezeka ndi maina atatu. Chofufuzira maina cha m'mafoni aja chinkadziwa zimenezi. Ulembe mulimonse, chinkamupeza munthuyo.

Amene anachimanga anali katswiri wina wa ku Maputo, pa nthawi imene tinali ndi pulojekiti ya anthu otithandiza ochokera kunja. Anakhala nafe miyezi ingapo akudandaula za kuzizira, n'kumandiphunzitsa masana onse atavala majekete awiri. Anandiuza kuti zonse zimene matekiniko amafufuza sizili mu ofesi mwathu, zili pa makina obwereka amene ali kutali, m'nyumba ina yaikulu imene palibe mmodzi wa ife anaionapo. Iye ankati zili pa nuvem, ndiye kuti pamtambo. Makinawo analipo asanu ndi anayi. Aliwonse ankawatcha nodi, ndipo onse pamodzi ankati kilasita. Zolembedwa zathu zinali zogawidwa m'zidutswa, zidutswazo n'kumwazidwa pa manodi onse, chilichonse chili ndi makope ake pa manodi ena, kuti amodzi akafa pasatayike kanthu. Pa sikirini panga pankaoneka kadontho. Kakakhala kobiriwira, zonse zili bwino. Kachikasu, makope ena akusowa koma ntchito ikuyenda. Kofiira, china chake chatayika.

Kwa zaka zingapo ntchito yanga pa kilasitayo inali yongoyang'ana kadonthoko m'mawa ndikamamwa tiyi.

Kenako pulojekiti inatha. Sikuti panali mkangano, nthawi yake inangokwana, otithandizawo anatsanzika bwinobwino ndipo tinawaphikira nkhuku. Mwezi wotsatira bilu ya makina aja inabwera m'dzina la bungwe. A shefi anandiitana mu ofesi mwawo. Inali nyengo yozizira, nkhungu ya m'mawa isanachoke pamitengo ya paini, ndipo iwo anali atavala chipewa chaubweya pamwamba pa kofia.

"Mwananga, khalani pansi," anatero. "Izi sitingazikwanitse. Ndaganiza kuti tizimitse. Matekiniko abwerere ku mapepala monga kale."

Ndinkadziwa kuti sakunama, bungwe lathu limayenda ndi zopereka za alimi. Koma ndinkadziwanso zimene mapepala ankachita. Tsiku logawa mbewu anthu ankaima padzuwa mpaka madzulo, wina n'kubwezedwa chifukwa dzina lake silikufanana ndi la pa chiphaso.

"A shefi, nanga tikanachepetsa makinawo m'malo mozimitsa onse?"

"Zimatheka?"

"Zimatheka. Makina asanu ndi anayi anali a nthawi imene ankaganiza kuti tifalikira Niassa yense. Ife sitinafike kumeneko."

"Angatsale angati?"

"Atatu."

"Bwanji osati awiri? Kapena amodzi?"

Ndinawafotokozera mmene katswiri uja anandifotokozera. Manodi amasankhana mtsogoleri, ndipo chisankhocho chimafuna ambiri agwirizane. Akakhala awiri, nthambo pakati pawo n'kuduka, aliyense amatsala yekha ndipo palibe chimene chingagamulidwe. Akakhala atatu, mmodzi atadwala, awiri otsalawo amapitiriza.

A shefi anaseka pang'ono. "Ngati komiti."

"Ngati komiti ndithu."

"Ndipo mungachite nokha zimenezi? Woti timuitanitse ku Maputo sitingamulipire."

Ndinayankha kuti inde, liwu lisanafike n'komwe kumutu. Nditatuluka panja ndinaima pakhonde, manja ali m'thumba. Ndinali ndisanazimitsepo nodi ngakhale imodzi.

Masabata otsatira ndinawathera kuwerenga. Zambiri zinali m'Chingerezi chimene ndimachimva mwapang'onopang'ono, zina m'Chipwitikizi cha ku Brazil. Ndinazindikira kuti funso lalikulu silinali la kuzimitsa, linali la malo. Zimene zinali pa makina asanu ndi anayi zinayenera kukwana pa atatu, ndipo nodi ikadzaza kufika penapake imakana kulandira zidutswa zatsopano. Nditaphatikiza zonse ndinaona kuti sizikwana, ngakhale pang'ono.

Ndinakawauza a shefi. Anaganiza kwa kanthawi, akusisita ndevu zawo, kenako anati, "Ndiye tichotse anthu amene anamwalira ndi amene anasamuka. Amenewo safunanso mbewu."

Ananena mwachifundo, ndipo zinali zomveka. Koma mayi anga ali m'gulu limenelo. Iwo anali mwa alimi oyamba kulembetsa, munda wawo wa nyemba uli kumunsi kwa msewu wa ku Chimbonila, ndipo anamwalira ndisanayambe ntchito. Nthawi zina ndikafuna kuona ngati chofufuzira chikuyenda, ndinkalemba dzina lawo. Sindinawauze a shefi zimenezo. Ndinawauza chifukwa china, chimenenso chinali choona: mlimi akamwalira munda sufa, amautenga mwana kapena mlongo, ndipo tekiniko amafuna kudziwa zimene nthakayo inachita m'mbuyomu.

"Ndipatseni nthawi ndione kaye chimene chadzaza malowa," ndinatero.

Ndinatsegula mndandanda wa zonse zimene zinali pa kilasita, n'kuziyika motsatana kuyambira chachikulu. Ndinkayembekeza kuona alimi pamwamba. Sanalipo. Alimi onse, amoyo ndi akufa, minda yawo ndi matenda a mbewu zawo, anali kagawo kakang'ono pansi. Pamwamba panali zolemba za makina eniake. Nthawi iliyonse foni ikafunsa kanthu, makina ankalemba kuti foni yakuti yafunsa, ndayankha, zatenga nthawi yakuti. Ankalembanso za kutentha kwawo ndi kutopa kwawo, usana ndi usiku, kuyambira tsiku loyamba. Otithandiza aja ankazifuna pa malipoti awo. Iwo atapita panalibe amene ankaziwerenga, koma makina sanauzidwe kuti asiye.

Ndinathamangira kwa a shefi laputopu ili m'manja, nthambo ikukokeka pansi.

"Onani! Si anthu ayi. Anthu atha kukhala onse."

Anavala magalasi, nayang'ana mizere imene sankaimva, kenako anandiyang'ana ine. "Ndiye kuti takhala tikulipirira macheza a makina?"

"Macheza okhaokha."

"Afufuteni."

Sindinafufute tsiku lomwelo. Ndinayamba ndapanga bekapu, kope lapadera la zonse, n'kuisunga pamalo ena otchipa, kunja kwa kilasita. Ndinali nditawerenga kuti bekapu imene sunaiyese siidalirika, choncho ndinabwezeretsa gawo la alimi pambali, ndi dzina lina, n'kufufuzamo anthu angapo amene ndimawadziwa. Onse anatuluka. Pamenepo m'pamene ndinafufuta zolemba zakale zija, n'kusiya za masabata ochepa apitawo, ndipo ndinawauza makina kuti kuyambira tsopano azitaya okha zikakalamba. Nditadina batani, malo opanda kanthu anayamba kukwera pa nodi iliyonse, ndipo kadontho kanakhalabe kobiriwira.

Ndinasankha kuchotsa manodi Loweruka, chifukwa matekiniko ambiri sapita kumidzi tsiku limenelo, komanso inali nthawi yokolola itatha, yogawa mbewu isanafike. Komabe ndinafuna wina woti aziyesa kuchokera kumunda, pa netiweki yofooka imene anzathu amagwira nayo ntchito. Ndinaimbira mana wina, monga timaitanira achemwali kuno, tekiniko wamkulu wa ku Chimbonila, mayi wolankhula mosabisa amene anandiphunzitsa kukwera kumbuyo kwa njinga yamoto nditavala kapulana, chitenje cha kuno.

"Mana, Loweruka mudzakhala pafupi ndi foni?"

"Ndidzakhala ndikupeta nyemba. Bwanji?"

"Ndizidzakutumizirani uthenga. Ndikatero, mudzalembe dzina la mlimi aliyense, mudzandiuze ngati watuluka."

"Ukufuna kuphwanya chiyani iwe?"

"Palibe chimene ndiphwanye."

"Ukaphwanya ndibwera konko ndi lichero."

Loweruka ndinadzuka m'mawa, ndinachoka kunyumba ku Namacula pa njinga yamoto ya hayala, mphepo ikuluma makutu. Ndinkaganiza kuti ndikhala ndekha, koma ndinapeza chitseko cha ofesi chili chotsegula. A shefi anali atakhala pampando wa alendo ndi fulasiki ya tiyi ndi mipukutu ya buledi m'pepala.

"Sindidziwa kanthu pa zimenezi," anatero, "koma sibwino munthu kunyamula yekha."

Ndinayamba ndi nodi yachisanu ndi chinayi. Simuizimitsa nthawi yomweyo. Mumayamba mwauza kilasita kuti pa nodi iyi pasakhalenso kanthu, ndipo iyo imayamba kusamutsa zidutswa, chimodzichimodzi, kupita ku manodi ena. Inu mumangodikira, mukuyang'ana nambala ikutsika. Ikafika pa ziro, nodi ilibe kanthu, m'pamene mumaiuza kuti isavotenso ngati inali mwa osankha mtsogoleri, kenako n'kuizimitsa. Ndinachita zonsezo ndikuwerenga lamulo lililonse kawiri ndisanadine. Nodi inazimiririka pa sikirini. Kadontho kanakhala kobiriwira.

Ndinatumiza uthenga ku Chimbonila. Yankho linabwera: "Watuluka. Pitiriza."

A shefi anandithirira tiyi. "Alhamdulillah. Yotsatira."

Yachiwiri kuchotsedwa inapita chimodzimodzi, yachitatunso. Pofika masana ndinali nditazolowera moti ndinayamba kucheza. A shefi anandiuza za chaka chimene anabwerera kuchokera ku Malawi, mmene anapezera mitengo itamera pakati pa nyumba ya bambo awo, ndi mmene anthu oyamba a bungweli ankakumanira pansi pa mtengo wa mapeyala opanda ngakhale mpando. Ndinali nditagwira nawo ntchito zaka zonsezo koma nkhani zimenezi ndinali ndisanazimvepo.

Pa nodi yachinayi magetsi anazima. Laputopu inapitiriza ndi batire, koma kabokosi ka intaneti kanafa, ndipo sikirini inaima zidutswa zili pakati pa ulendo. A shefi anadzuka pampando.

"Zawonongeka?"

"Ayi. Makinawo ali kutali, magetsi athu sakuwakhudza. Akupitiriza okha. Kungoti ine sindikuwaona."

Ndinanena molimba mtima. Ndinayatsa intaneti ya pa foni yanga, ndipo m'kati mwa ofesi netiweki inali yochepa, choncho tinatulutsa tebulo panja, pafupi ndi mpanda pamene imagwira bwino. Anthu odutsa mumsewu ankatiyang'ana, bambo wachikulire atagwira foni m'mwamba, ine nditawerama pa laputopu. Sikirini itabwerera, zidutswa zinali zitafika kale. Kadontho kobiriwira. Tinakhala panjapo mpaka mapeto, dzuwa likutiwotha kumsana.

Yachisanu inapita bwino. Tinatsala ndi manodi anayi, ndipo ndinauza kilasita kuti ichotse katundu pa yomaliza. Nambala inatsika, inatsika, kenako inaima. Panatsala zidutswa zochepa zimene sizinkasuntha. Ndinadikira. Ndinayang'ana malo pa manodi atatu aja, analipo ambiri. Ndinayang'ana netiweki, inali bwino. Zidutswazo zinangokhala pamenepo, ndipo zonse zinali za gawo la alimi, gawo lenileni limene ntchito yonseyi inali kuliteteza.

"Bwanji mwakhala chete?" anafunsa a shefi.

"Zakana kusamuka."

"Chifukwa?"

"Sindikudziwa."

Pali lamulo limene mumafunsa nalo kilasita chifukwa chimene chidutswa sichikupita. Ndinalilemba, ndipo yankho linabwera lalitali. Ndinaliwerenga pang'onopang'ono, ndikulozera ndi chala. Nodi iliyonse mwa zitatuzo inkayankha zofanana: sindingalandire, kope la chidutswa chimenechi ndili nalo kale. Pamenepo ndinamvetsa. Makope awiri a chidutswa chimodzi saloledwa kukhala pa nodi imodzi, chifukwa nodiyo ikafa onse apita limodzi. Ndinatsegula makonzedwe a gawo la alimi ndipo ndinapeza kuti chidutswa chilichonse chinalipo kanayi, pamene zina zonse zinalipo kawiri. Makope anayi, makina atatu. Lachinayi linalibe kopita.

Njira yake ndinkaiona, koma sindinafune kuchotsa chinthu chimene munthu wina anachiika dala ndisanadziwe chifukwa chake. Ndinaimbira katswiri wa ku Maputo uja. Tinali titatenga nthawi osalankhulana. Anayankha kuli phokoso la ana, ndikuganiza anali paphwando.

"Mano, achimwene, pepani ndakusokonezani Loweruka."

"Lichinga! Kukuzizirabe?"

Ndinamufotokozera zonse, kuyambira pa bilu mpaka pa zidutswa zokanazo. Kenako anafunsa, "Wafika pa anayi wekha? Bekapu unapanga?"

"Ndinapanga, ndinaiyesanso."

"Ndiye wandiimbira chifukwa chiyani?" Anaseka. "Makope anayiwo ndinaika ine. Abwana a pulojekiti ankaopa kwambiri kutaya maina a alimi, ndipo makina analipo ambiri, ndiye ndinati bwanji osatero. Panalibe chifukwa china. Pa makina atatu ungasiye atatu kapena awiri. Atatu ndi otetezeka kwambiri koma adya malo ndi mphamvu, ndipo nodi imodzi ikangodwala kadontho kako kakhala kachikasu mpaka ichire. Awiri akwanira ngati bekapu ikuchitika tsiku lililonse. Koma kilasita ndi yako tsopano. Gamula iwe."

Nditadula foni ndinawauza a shefi zonse. Ndinaona kuti iyi siinali nkhani ya ine ndekha, chifukwa maina ndi a alimi, ndipo amene amayankha pamaso pawo ndi iwo.

"Tikasiya awiri, makina amodzi atafa sititaya kanthu," ndinatero. "Awiri atafa nthawi imodzi, chofufuzira chiima, ndipo tidzabwezeretsa kuchokera ku bekapu. Zimene matekiniko alemba tsiku limenelo zitha kutayika."

"Zimachitika kawirikawiri, awiri kufa limodzi?"

"Chiyambire sindinaonepo ngakhale amodzi atafa."

"Inu mukuona bwanji?"

Ndinaganiza. Gawo la alimi linali laling'ono, malo analipo. Mphamvu imene katswiri ankanena inkafunika polemba zatsopano, ndipo ife sitilemba zambiri pa tsiku. Kadontho kachikasu sikankandiopsa, ndinali nditadziwa tanthauzo lake.

"Kwa alimi tisiye atatu, nodi iliyonse ikhale ndi lake. Zina zonse zikhale ziwiriziwiri."

"Wa ku Maputo anati awiri akwanira."

"Anatero. Koma anatinso ndigamule ine."

A shefi anamwetulira, n'kubweza mutu kumbuyo. "Chitani."

Ndinasintha nambala imodzi. Zidutswa zokana zija zinazimiririka pa nodi yomaliza ija nthawi yomweyo, chifukwa tsopano zinali zosafunika. Nodi inatsala yopanda kanthu. Ndinaichotsa pa osankha, ndinayang'ananso kuti atatu otsalawo onse ali ndi voti, kenako ndinaizimitsa. Pa sikirini panatsala mizere itatu. Kadontho kanagwedezeka pamene tsamba linkadzikonzanso, kenako kanaima kobiriwira.

Ndinatumiza uthenga ku Chimbonila. M'malo moyankha, mana anaimba.

"Iwe, ndayesa anthu asanu. Onse atuluka. Wayamba kale kapena sunayambe?"

"Ndamaliza."

"Wamaliza chiyani? Palibe chasintha kuno."

"N'zimene ndimafuna."

"Ndiye wandisiyitsa nyemba zanga pachabe," anatero, n'kudula foni akuseka.

Ndinatseka laputopu. Ndinazindikira kuti buledi wanga ndinali ndisanamudye. A shefi ananyamula mbali imodzi ya tebulo, ine inayo, tinalowetsa m'kati. Potseka chitseko anandigwira dzanja ndi manja awo onse awiri, monga amachitira ndi akuluakulu anzawo akatuluka ku mzikiti. Ndinayenda wapansi mpaka ku Namacula tsiku limenelo, ngakhale kuti njinga zinalipo, chifukwa ndinkafuna ulendowo utalike.

Sindinakhulupirire msanga. Masabata otsatira ndinkayang'ana kilasita kangapo pa tsiku, ndikuona ngati makina atatuwo akutopa. Mayeso enieni anali nthawi yogawa mbewu, mvula itayandikira, pamene matekiniko onse amafufuza nthawi imodzi. Tsiku loyamba makina anatentha kuposa kale, mayankho anachedwako pang'ono moti ndi ine ndekha amene ndinaona pa sikirini. Ndinafunsa matekiniko madzulo ngati panali vuto. Mmodzi anadandaula za matayala a njinga yake, wina za masaka ong'ambika. Za foni panalibe amene anatchula. Bilu inabwera yoti bungwe likhoza kuisenza, ndipo a shefi anailipira osandiitana.

Kumapeto kwa chaka timakhala ndi msonkhano waukulu wa mamembala. Chaka chimenecho unachitikira m'kalasi ya sukulu ina ku Chimbonila, anthu atadzaza mpaka m'mawindo. Ine nthawi zonse ntchito yanga pamsonkhano ndi kuonetsetsa kuti maikolofoni ikugwira, choncho ndinali nditakhala pakona pafupi ndi sipika. A shefi atamaliza za mbewu ndi za msika wa mbatatesi, anati pali nkhani ina.

"Mwananga, taimirirani."

Ndinaimirira, nthambo ili m'manja.

"Ambiri mumamudziwa ngati wokonza pulinta. Uyu anazimitsa makompyuta asanu ndi imodzi tsiku limodzi, inu osadziwa. Chifukwa cha iye mafoni a matekiniko akugwirabe ntchito, ndipo sitinafufute dzina la munthu ngakhale mmodzi."

Ananena m'Chinyanja, kenako anabwereza m'Chiyao. Anthu anaomba m'manja, amayi ena analulutira. Ndikudziwa kuti ambiri sanamve kuti kuzimitsa makompyuta kungakhale bwanji chinthu chabwino, koma anaona nkhope ya a shefi n'kukhulupirira. Ine ndinayang'ana pansi, nkhope ikutentha, ndipo ndinkamva kukoma kumene sindinakumvepo ngakhale tsiku limene ndinalandira satifiketi.

Kenako mayi wina wa kumbuyo anakweza dzanja. Anali mlimi wa mbatatesi, wamtali, mwana ali kumsana.

"Ndili ndi funso kwa mtsikanayo. Makompyuta mwazimitsawo ali kuti? Sukulu ino ilibe ngakhale imodzi. Simungatipatse?"

M'kalasi munamveka kung'ung'udza kovomereza. A shefi anandipatsa maikolofoni. Ndinali ndisanalankhulepo pamsonkhano.

"Mayi, makinawo sanali athu. Tinkabwereka. Ali kutali kwambiri, kunja kwa dziko lino, ndipo ngakhale ine sindinawaonepo. Titawasiya anabwerera kwa eni ake. Mwina pano akugwiritsa ntchito anthu ena."

Mayiyo anaganiza, akugwedeza mwana. "Ndiye munabweza zinthu za eni."

"Inde, mayi."

"Zili bwinobwino? Sadzabwera kudzatilonjerera kuti tinawononga?"

"Zili bwinobwino. Sadzabwera."

"Chabwino," anatero, n'kukhala pansi. "Koma za sukuluzi muziganizire."

A shefi anauza mlembi kuti alembe pempholo, ndipo msonkhano unapita pa nkhani ya feteleza. Potuluka, mphunzitsi wamkulu wa sukuluyo anandipeza pakhomo n'kundifunsa ngati ndingabwere tsiku lina kudzaona laputopu yake yakale imene inasiya kuyaka, kuti mwina ana angaphunzirirepo. Ndinamuuza kuti aibweretse ku Lulimile. Anaibweretsa sabata yotsatira, ataikulunga m'kapulana, ndipo vuto linali batire basi.